Mbuya Bhora, Osambitsa Maliro a ku Unit L

Lachisanu lapitali tinachita sadaka ya masiku makumi anayi ya apongozi anga, Abiti Saidi. Anthu anabwera ochuluka kuposa mpunga umene tinaphika, koma amene ankawatchula dzina lenileni anali nkhalamba zochepa za kumzikiti. Ena onse ankati Mbuya Bhora. Bambo wina womata matayala pa mashopu a Unit L anafika pondifunsa timu imene malemu ankaikonda. Ndinamuuza kuti ankazikonda zonse mofanana. Zoona zake n'zakuti mayi aja mpira ankadana nawo koopsa, ankati ndi ntchito ya amuna othawa khasu.

Dzinalo linachokera m'makutu a ana athu. Ana obadwira muno mu Chitungwiza Chichewa amachimva ndi khutu limodzi, n'kuyankha m'Chishona. Akamva agogo akuti "bola ife", "bola lero", "bola pamenepo", iwo ankamva bhora, mpira, n'kuphatikiza ndi mbuya, agogo m'Chishona. Linayamba ndi adzukulu, linatuluka pageti, linafika kumsika, mpaka makondakitala a makombi, maminibasi a kuno, ankakuwa kuti Mbuya Bhora apatsidwe mpando wakutsogolo. Eni ake analitsutsa mwezi umodzi, kenako analivala. Koma amene anawadziwa kale akudziwa kuti mawu akuti bola analowa mkamwa mwawo mochedwa, tsitsi litayera kale. Zaka zonse ndisanawamve akutero, ndinkawadziwa ngati munthu wodandaula kuyambira podzuka mpaka pogona.

Zodandaula anali nazo, sindingawanamizire. Anabadwira pafamu ya fodya cha ku Mvurwi. Bambo awo anabwera wapansi kuchokera ku Mangochi, n'kufa osabwererako. Chitupa cha apongoziwo chinakhala zaka zambiri chili ndi mawu owatchula kuti mlendo m'dziko limene mchombo wawo unagwera. Ankakonda kunena kuti kuno ndife Mabhurandaya, dzina lonyoza obwera, kwathuko ndife matchona, ndiye Mulungu akadzaitana mayina patsiku lomaliza tidzaima pamzere uti. Akatha zimenezo ankayamba za mpopi wapakhomo umene umatha milungu uli gwa, kenako za magetsi, kenako za ine, kuti tiyi wanga ndi madzi otsukira kapu.

Ntchito anali nazo ziwiri. Ankagulitsa kaunjika, amene kuno timati mabhero, ndipo ankasambitsa maliro a amayi achisilamu kuyambira Unit K mpaka Unit O. Iwo ankati ntchitoyo ndi imodzi, kuveka anthu, kungoti makasitomala ena sabweza zovala.

Tsiku lotsegula belo linali tsiku la mkwiyo. Ankadula mawaya, zovala n'kufufuma, iwo n'kumasankha akununkhiza chimodzichimodzi. Akapeza diresi ili ndi kapepala ka m'sitolo kakulendewerabe, ankaikweza m'mwamba kuti msewu wonse uone. Ankafunsa kuti ndi dziko lanji limene munthu amagula chovala n'kuchitaya asanachivale, ndipo ndi tchimo lanji limene ife tinachimwa kuti tizilimbirana zimene anzathu atopa nazo asanazigwire. Zabwino ankazipachika, zapakati ankaziunjika pa saka, zong'ambika zapansi pa belo ankazigulitsa ngati zikolopa. Zikolopazo sankaziyang'ana n'komwe.

Pa ntchito ya maliro anali munthu wina. Lilime lawo lija, limene linkadziwa za pakhomo pa aliyense, silinaulule ngakhale kamodzi zimene maso awo anaona pathupi la womwalira. Amayi ena ankawakola ndi tiyi ndi mabanzi kuti amve ngati uje anali ndi zipsera za kumenyedwa, iwo ankamwa tiyiyo, kudya mabanzi, n'kutsanzika. Koma m'kachipinda kosambitsiramo, kuseri kwa mzikiti, ankalankhula ndi womwalirayo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, momutchula dzina. Ankamuuza kuti madzi akubwerawa ndi ofunda, ankamupempha kuti atembenuke, ankamudzudzula pang'ono ngati anali mnzawo. Ankati munthu amachita mantha akagwidwa ndi manja osamudziwa, ngakhale atafa.

Apa ndiye panagona nkhawa yawo yaikulu. Anzawo amene anaphunzira nawo ntchitoyo anali kutha mmodzimmodzi, ndipo atsikana sankafuna n'kumva komwe. Anagula sanda yawo, nsalu yoyera yokulungira maliro, yolimba bwino, n'kuisunga m'sutikesi. Chaka chilichonse ankaiyanika padzuwa, ndipo poyanikapo ankandiyang'ana.

"Inu amake Aisha, nsalu ndagula ndekha. Nanga kusamba ndidzasambanso ndekha? Adzandisambitsa ndani?"

"Mulungu adzaona, amayi."

"Mulungu alibe beseni. Beseni muli nalo ndinu."

Ine ndinkakana. Mtembo ndimauopa, ndipo sindichita manyazi kunena. Mwamuna wanga Yusufu, mwana wawo yekhayo, nkhani ikafika pamenepa ankakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi munthu woti akaonane naye ku mashopu a ku Makoni.

Mkangano wawo umene ndimaukumbukira kwambiri unachitika dzina la Bhora litakhazikika kale. Mwana wanga Aisha anali atamaliza maphunziro apamwamba n'kukhala zaka ziwiri akuluka anthu tsitsi pakhonde. Tsiku lina anabwera kumjigo atatha maola anayi pamzere, anatula chigubu pansi n'kuyamba kutukwana dziko lonse. Agogo ake anangoti, "Bola wabwera nawo madziwo."

Aisha anapsa mtima. "Mbuya, bhora renyu iri ndiro rinoita kuti tigare takadai!" Ankatanthauza kuti bola wawoyo ndi amene amatikhazika mu umphawi, chifukwa munthu wothokoza chilichonse amamudyera masuku pamutu.

"Iwe, bola si kunena kuti zili bwino," anatero agogo. "Wothyoka mwendo umodzi amati bola, koma kuchipatala amapitabe. Wakuuza ndani kuti ndasiya kukalipa?"

"Saka munotendei?" Aisha anafunsa chimene akuthokoza.

"Ndikuthokoza kuti ukundiyankha mwano ndili moyo, m'nyumba yanga, ukundidziwa kuti ndine ndani. Thira madziwo m'ndowa."

Ine pamkanganowo mumtima ndinali kumbali ya mwana wanga. Ndipo n'zoona kuti kukalipa sanasiye. Wolowerera pamzere wa kumjigo ankamva mbiri ya makolo ake onse. Kungoti akatha kukalipako ankapuma, n'kumaliza ndi kamawu kawo kaja. Kumene kamawuko kanachokera ndikukudziwa, chifukwa ndinalipo.

Chinali chilimwe, zaka zingapo mkangano uja usanachitike. Shehe anatuma uthenga kuti pali maliro a mayi wachilendo. Anthu amene amawolotsa anzawo malire kupita ku Joni anamusiya akudwala m'nyumba ina ku Unit K, iwo n'kupitirira ndi ulendo. Anamwalira patatha milungu iwiri, mtembo unakhala masiku kuchipatala popanda woufunsa, mpaka akuluakulu a mzikiti anaupempha atamva kuti ankaswali, kupemphera kwa Chisilamu. Amayi amene ankathandiza Abiti Saidi kuthira madzi onse anapeza zifukwa. Apongozi sanandipemphe, anangondipatsa wilibala ndi zigubu ziwiri n'kutsogola.

Njira yonse anadandaula. Mpopi wa kumzikiti unali wouma, choncho tinayamba taima kumjigo wa ku Unit K, pamene amayi ankakankhana ndi kutukwanizana. Apongozi anati taonani dziko limene ngakhale wakufa amaima pamzere wa madzi. Anatemberera mjigowo, anatemberera fumbi, anafika mpaka kwa bambo awo amene anasiya nyanja yathunthu kudzawaberekera kouma.

Pakhomo la kachipinda kaja tinapeza mayi wachishona wovala zoyera za mpingo wake, Mai Rudo, mwini nyumba imene mlendoyo anafera. Ananyamula kajumbo ka pulasitiki. Apongozi anavula nsapato, anasamba m'manja, ndipo monga mwa chizolowezi chawo anafunsa dzina. Shehe anawapatsira pepala pazenera. Anandipatsa kuti ndiwerenge, pakuti maso awo anali atayamba kufooka. Panalembedwa kuti Hamudulila.

"Werenganinso."

Ndinawerenganso.

"Limeneli si dzina," anatero. Anatembenukira kwa Mai Rudo n'kufunsa m'Chishona kuti analitenga kuti.

"Ndiro raaigara achitaura, Mbuya," anayankha mayiyo, kutanthauza kuti ndi limene ankangolinena nthawi zonse. Anafotokoza kuti mlendoyo sankamva Chishona, Chingerezi kaya chilankhulo china chilichonse chimene anayesa. Akamupatsa phala ankanena mawu amenewo. Akamufunditsa bulangete ankanena omwewo. M'mawa ankaloza kuti amukhazike pakhomo, pamene ankaona mjigo uli kutsidya kwa msewu, ndipo ankakhala pamenepo akuyang'ana madzi akutuluka, ana akutsukirapo mapazi, iye akugwedeza mutu n'kumabwereza mawu omwewo. Mai Rudo anaganiza kuti munthuyo akudzitchula, ndipo apolisi atafunsa dzina anawapatsa lomwelo.

Aliyense wobadwira m'Chisilamu akanadziwa. Mayiyo ankati Alhamdulillah, kuyamika Mulungu. Mjigo umene ankauyang'anawo ndi womwe uja apongozi anali atangoutemberera.

Mai Rudo anawonjeza kuti tsiku lina ankafuna kutaya madzi otsukira mbale, mlendoyo anamugwira dzanja n'kuthira madziwo m'botolo lake. Atamufunsa ndi manja kumene wachokera, anayendetsa zala ziwiri pansi n'kuimika zala zisanu. Kaya inali miyezi, kaya mayiko, palibe akudziwa. Kenako anatsegula kajumbo kaja. Munali botolo lomangidwa chingwe pakhosi, ndi juzi imodzi. Apongozi anaitambasula juziyo momwe ankachitira potsegula belo. Inali ya kaunjika, yochokera komwe kuja kwa anthu otaya zovala, koma inali itatha mpaka kuoneka kuseri, ndipo mabowo ake anasokedwa ndi ulusi wosolola pathumba la ufa. Anaitembenuza kawiri.

"Iyi ngakhale ya chikolopa sindingagulitse," anatero chapansipansi.

Tinalowa. Womwalirayo anali wamng'ono, mwina wazaka za Aisha wa lero. Zina zimene ndinaona zinatsala m'chipindamo, monga mwa lamulo la apongozi. Ndingonena za mapazi, chifukwa ali moyo aliyense ankawaona: zidendene zinali zong'aluka ngati dambo la mu Okutobala. Ndinanyamula jagi ya madzi kudikira kuti ayambe kulankhula, koma kunali zii. Kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchitoyo analibe dzina loti aitane, ndipo manja awo anangoti lende. Ndinaona kuti akuchita mantha, ndipo mantha anga anawirikiza.

Patapita nthawi anati, "Mwana wa Hawa." Ndi mmene amatchulidwira munthu amene mayi ake sakudziwika, kumubwezera kwa mayi wa anthu onse. "Mwana wa Hawa, kuno ndi ku Chitungwiza. Ine ndine Abiti Saidi, uyu ndi mpongozi wanga. Madzi awa ndi a pamjigo wako uja. Usaope." Anayamba mbali ya kumanja, ine ndikuthira. Anamusambitsa katatu, anamuluka tsitsi mizere itatu, akumuuza chilichonse m'Chichewa chimene sakanachimva ngakhale ali moyo.

Nsalu imene akumzikiti anasonkha inali yopyapyala ndi yoperewera. Apongozi anaiyeza ndi mkono, anaipinda, n'kundituma kunyumba kukatenga ya m'sutikesi. Ndinawakumbutsa kuti ndi yawo. Anandifunsa ngati ndikuwaona atagona pathabwa losambitsirapo maliro.

Amuna atanyamula jeneza, chithatha cha maliro, kupita kumanda, ife tinabwerera ndi wilibala yathu. Pamjigo paja mzere unali utatalika, phokoso lili lomwe lija. Apongozi anaima n'kuyang'ana nthawi yaitali, mpaka ndinatula wilibala.

"Bola ife," anatero. Aka kanali koyamba kuwamva akutero. "Zaka zonsezi ndakhala ndikuyang'ana kumene belo limachokera. Sindinafunsepo kuti zapansi pa belo zimathera pathupi la ndani." Tinayenda pang'ono, anaimanso. "Inu amake Aisha, ngakhale mudzandisambitse ngati mukutsuka mphika, ngakhale adzabwere wosambitsa wina wa ku Mbare, pakhomo padzakhala munthu wodziwa dzina langa. Bola."

Ine ndinadwala sabata yathunthu, chakudya chosalowa, ndipo ndinalumbira kuti m'kachipinda kaja sindidzapondamonso. Iwo sanandiumirizenso. Funso lija la adzandisambitsa ndani linatha tsiku limenelo, ndipo sanda ina sanagule. Kusiya kwawoko kunkandivutitsa kuposa kulongolola, chifukwa munthu wokulongololera umamuyankha, koma wokukhululukira ulibe pomugwira.

Sindikufuna kuwasandutsa mngelo. Belo ankalitsegulabe mokwiya, ndipo ankanenabe kuti dziko limene ena amataya zatsopano pamene ena akusoka juzi ndi ulusi wa thumba linapendekeka, ndipo analipendeketsa ndi anthu, osati Mulungu. Kuthokoza kwawoko nakonso sikunkawapatsa mtendere wonse. Tsiku lina tikusankha nyemba ananena okha, osafunsidwa, kuti n'zochititsa manyazi kuti munthu wamkulu ngati iwo anaphunzira kuthokoza pa mtembo wa mwana wa eni, amene mayi ake mwina mpaka lero akudikira foni. Anati bola wawoyo anagulidwa modula, ndipo amene analipira si iwo. Zikolopa anasiya kugulitsa. Ankazichapa, kuzisoka, n'kuzisiya pakhonde la mzikiti kuti wofuna atenge popanda womuona.

Anamwalira Lamlungu dzuwa lili pamutu, atakhala pa saka lawo la zovala, akukangana ndi kasitomala za siketi. Mayiyo akuti anadikira yankho, n'kuona kuti mutu wagwa. Kuchipatala anangotsimikiza zimene tinali titaona kale. Mapepala anatuluka mawa lake, ndipo Shehe anati maliro aikidwe swala, pemphero la masana, isanakwane, monga mwa chipembedzo chathu. Pamenepo ndi pamene funso lija linadzuka lokha. Mayi wa ku Unit O amene ankadziwa ntchitoyo anali atapita kwa ana ake ku Joni. Wa ku Mbare anali chigonere. Amayi a kumzikiti anakhala pamkeka aliyense akuyang'ana zala zake. Yusufu ankayang'ana pansi, ndipo ulendo uno kunalibe Makoni woti athawireko.

Ndinaimirira. Sindinaimirire chifukwa cha kulimba mtima. Mumtima ndinali wokwiya kuti mayi aja apambana mkangano atausiya kalekale. Ndinafunsa amene angandithirire madzi. Anaimirira ndi Aisha.

Nsalu tinagula ku Makoni m'mawa womwewo, yabwino ndithu, koma yosafika pa ija. Titatseka chitseko ndinazindikira kuti tsiku limodzi lija manja anga anaba ntchito ine osadziwa. Ndinayesa madzi ndi chigongono. Ndinayamba kumanja.

"Abiti Saidi," ndinatero, "ndine mpongozi wanu, make Aisha. Amene akuthira madziyu ndi mdzukulu wanu. Tili kuseri kwa mzikiti, malo mukuwadziwa. Ndikalakwitsa mundikhululukire, munandiphunzitsa kamodzi kokha."

Ndinapitiriza choncho, kuwauza chilichonse, mpaka pofika poti tiwatembenuze. Pamenepo mawu anandithera. Chisoni chimene ndinkachikankha chiyambire Lamlungu chinandipeza, ndinangoima manja ali paphewa pawo. Aisha anatula jagi. Mwana amene chibadwire sanawayankhepo agogo ake m'Chichewa anawerama pafupi ndi khutu lawo.

"Tembenukani, agogo," anatero, lilime likupunthwa. "Ndi ife. Tembenukani tikusambitseni kumsana."

Tinawatembenuza, tinamaliza, tinawaluka tsitsi, tinawakulunga. Amuna ananyamula nthawi isanakwane.

Chipinda chawo chili kumapeto kwa nyumba, choyang'ana kugeti. Sadaka itatha tinagawa zovala, matiresi tinapatsa wachibale wa ku Unit O, bedi tinalimasula n'kuliimika kukhoma panja. Simenti yapansi ili ndi madontho anayi pamene panali miyendo ya bedilo, ndipo munthu akalankhula m'menemo mawu amabwerera. Chimene palibe anachikhudza ndi beseni lawo lachitsulo, limene linkapachikidwa pamsomali kuseri kwa chitseko.

Dzulo m'mawa kunabwera bambo wina wa ku Unit K amene anali kuulendo ndipo sanamve za maliro athu. Mkazi wake anali atamwalira m'bandakucha. Analowa pageti, anandipitirira ndikusesa, n'kukaima pakhomo la chipinda chija. Anaodira katatu, chipewa chili m'manja. Chitseko chinali chotsegula, ndipo anaona yekha mmene mulili. Anatembenuka n'kundiyang'ana. Ndinatsamiritsa tsache kukhoma n'kumufunsa dzina la mkazi wake.

M'chipindamo tsopano mulibe kanthu. Kuseri kwa chitseko kwatsala msomali wokha.